Malaya Opanda Mwini

Lijsbet wa ku Noordduin, mudzi wathu wa asodzi, sanawerengepo buku ngakhale limodzi m'moyo wake wonse, koma buku ndi limene linamulanda mwana. Anthu a mumzinda wa Leiden, aja amaonera nyanja pazithunzi zopachika m'zipinda zawo zofunda, akamva zimenezi amati n'kukokomeza. Asiyeni anene, sanayendepo pagombe lathu mphepo itangoleka.

Ntchito ya Lijsbet inali singano. Ankasoka malaya amkati a bafuta amene asodzi amavala pakhungu, ndipo akamaliza ankasokapo chizindikiro cha nyumba ya mwini wake ndi ulusi wofiira, pachifuwa, mbali ya kumanzere. Nyumba iliyonse kwathu ili ndi chake: ina phazi la mbalame, ina mtanda wopendekera, ina mbedza. Chimene chili pamwamba pa chitseko ndi chomwenso chili pansapato zamatabwa ndi pathabwa la pamanda. Si zokongoletsa ayi. Nyanja ikatenga munthu imatha kumusunga masabata, ndipo ikamulavula nkhanu zimakhala zitadya kale nkhope. Apo mayi sangazindikire mwana wake, mkazi sangazindikire mwamuna amene wakalamba naye. Chimene chimatsala ndi ulusi wofiirawo, chifukwa susuluka ndi mchere.

Mwamuna wake, Krijn, anabwerera choncho. Anamira mwana wawo mmodzi yekhayo, Teunis, akadali woyamwa. Nyanja inakamutaya kutali kumpoto, ndipo anthu a kumeneko anajambula chizindikirocho pamchenga kuti wogulitsa nsomba wina woyendayenda aone: mbedza yodutsidwa ndi timizere tiwiri. Wogulitsayo anangoti, "Ameneyu ndi wa ku Noordduin." Anabwera pangolo atakutidwa ndi thanga la ngalawa. Lijsbet anamusambitsa, namuika kuseri kwa tchalitchi, pambali pake nkudzisiyira malo. Ankati munthu akakhala ndi manda amakhala ndi polankhulira. Ndiye musadabwe kuti ntchito yake ankaigwira ngati pemphero, ngakhale kuti pakamwa pake sipankatuluka mapemphero okhaokha.

Pakuti Lijsbet anali wa pakamwa. Akafuna kukalipa ankayamba wachotsa tisingano timene ankaluma pamilomo, kamodzikamodzi, ndipo odziwa ankayambiratu kufuna njira. Amene ankalandira mawu ake ambiri anali Maartje, mkazi wamasiye wa khomo loyandikana nalo. Anayambana kalekale pa nkhani ya chingwe choyanikira zovala, ndipo onse awiri anali ataiwala amene anayamba. Ana awo okha ndiwo sankazilabadira. Teunis ndi Huig, mwana wa Maartje, anakulira limodzi, msinkhu umodzi, tsitsi lofanana, moti ukawaona chakumbuyo akukoka ngalawa sukanadziwa kuti uyu ndani.

Ngalawa za pamudzipo pafupifupi zonse zinali za a Verbrugge, munthu wa ku Haarlem amene ankabwera kunyanja nyengo yotentha basi. Sanali wankhanza, ndipo n'chimene chimawawa kwambiri. Wankhanza umamudziwa, umamuzemba. A Verbrugge anali munthu wokhuta amene ankafunitsitsa kuchitira anthu zabwino popanda kuwafunsa.

Chaka chimenecho ku Amsterdam kunatuluka buku. Linkasimba za mmalinyero wina amene chombo chake chinasweka kunyanja za kummwera kwenikweni, iye nkukapezeka pachisumbu chotchedwa Talumera. Anthu a kumeneko, linkatero bukulo, alibe mfumu, alibe wosauka, alibe loko pachitseko. Zovala amatenga m'nyumba imodzi, amadyera patebulo limodzi, ndipo mwana aliyense amaitana mkazi aliyense kuti amayi. Popeza palibe chinthu cha munthu mmodzi, palibenso chimene amaikapo chizindikiro. Kuika chizindikiro ndilo tchimo lalikulu kumeneko, muzu wa kuba ndi nkhondo. Bukulo linatenga anthu mitima. Analimasulira m'Chifalansa ndi m'Chijeremani, abusa ankalitemberera paguwa kenako nkukaliwerenga kunyumba, ndipo amalonda ena anakonza chombo choti chikafunefune chisumbucho. Ambiri ankakhulupirira kuti n'zoona, pajatu kutsogolo kwake kunali mapu.

A Verbrugge sanatumize chombo. Iwo anati Talumera amumanga pompano, pamchenga wathu.

Lamlungu lina mapemphero atatha anasonkhanitsa asodzi ndi akazi awo m'shedi yosungiramo maukonde, nakwera pamgolo, nawerenga mpaka mawu anasasa. Kenako ananena zimene zichitike. Pangalawa zawo aliyense azidya zofanana, kuyambira woyendetsa mpaka wokapa madzi. Ana amasiye azilandira buledi ndi msuzi wa nsawawa pashedipo tsiku lililonse. Izi zinali zabwino, ndipo tisanamizane, ena anakhuta koyamba chaka chimenecho. Atatero anafika pa malaya. Agula bafuta watsopano, malaya onse asokedwe mofanana, azichapidwa pamodzi, azisungidwa m'bokosi limodzi, ndipo tsiku lonyamuka aliyense azilandira amene ali pamwamba. Chizindikiro ayi. Wopezeka nacho, ngalawa aiwale.

Lijsbet anachotsa tisingano pakamwa.

"Bwana, ku Talumera kwanuko anthu amamira?"

"Buku silinena, mayi."

"Silinena. Nanga kuno, kumene timamira, munthu tidzamudziwa bwanji?"

"Mwafunsa bwino," anatero a Verbrugge akumwetulira ngati mphunzitsi amene mwana wamufunsa funso limene ankalidikira. "Ku Talumera womwalira ndi wa onse. Aliyense amamulira ngati wake. Kodi si zokongola zimenezo?"

"Zokongola zedi. Nanga migolo yanuyo?" Analoza migolo ya nsomba zamchere imene inaunjikidwa kukhoma, uliwonse utawotchedwa chilembo chawo ndi chitsulo chamoto. "Iyo si yochimwa? Tiipale nayonso?"

Anthu anasekera m'manja. A Verbrugge anati migolo ndi nkhani ina, ya malonda, akuluakulu a padoko salola nsomba zopanda chizindikiro. Mwamva? Nsomba yakufa iyenera kudziwika kwawo, koma msodzi ayi.

Akanatha kukana Lijsbet. Koma akanakana, bwana akanaitana wosoka wina wa mudzi wina, ndipo malo a Teunis pangalawa akanapita nawo. Komanso amene anamufooketsa kwenikweni sanali bwanayo, anali Teunis mwini wake. Mnyamatayo anamvetsera buku lija kukamwa kuli yasa, ndipo linamulowa.

"Amayi, inu mumangoona zoipa," anatero tsiku lomwelo akudya nsomba youma ndi buledi. "Mwaiwala malaya a Huig chaka chatha? Zigamba zokhazokha, mpaka anthu ankamufunsa kuti nsalu yoyamba ndi iti. Pano palibe adzasekenso mnzake."

"Iwe, bambo ako anabwera kuno ndi chiyani? Ndi buku?"

"Nthawi zonse imfa, imfa. Ife tikukamba za moyo."

"Moyo wa pachisumbu chimene sunachione."

"Nanga inu kumwamba munakuona? Koma Lamlungu lililonse muli kutsogolo, mawu pamwamba."

Lijsbet anamugenda ndi sanza yonyowa, iye nkulewa akuseka, nkumupsompsona pamutu potuluka. Anali mwana wotero: ukamukalipira ankakusiya ukumwetulira wekha ngati chitsiru.

Choncho Lijsbet anasoka malaya a bwana, mulu wonse, oyera mbee. Malaya akale analamulidwa kuwachotsa ulusi wofiira asanalowe m'bokosi lomwelo, ndipo anausolola yekha, ndi singano yomwe ija anausokera. Phazi la mbalame la kwa Maartje, mtanda wa kwa Leendert woyendetsa ngalawa, mbedza ya Krijn. Manja ankagwira ntchito, mtima ukutukwana. Ulusiwo sanautaye, anaukulunga kampira nkuuponya m'thumba la epuloni. Bwana anakondwera ndi ntchitoyo, namuika kukhala wosunga bokosi ndi wogawa malaya.

Ngalawa zili pafupi kunyamuka ulendo wautali wa kumapeto kwa chaka, Maartje anafika pakhomo pake, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka. Anaima panja, manja ali m'epuloni.

"Amake Teunis."

"Ngati ndi za chingwe chija, ndatopa nazo."

"Si za chingwe. Ndimati kaphazi kokha. Kakang'ono, penapake posaoneka. Inu ndinu mumagawa, mukhoza kumupatsa Huig amenewo."

"Ndiye zikaululika achotsedwe ndani? Si ine ndi mwana wanga? Pitani mukauze a ku Talumera akusokereni."

"Ndilibe wina, amake Teunis. Ndi yekhayo."

"Nanga ine ndili nawo khumi?"

Anatseka chitseko. Masana omwewo anatenga malaya amodzi, natsegula mpendero wa m'munsi, nasokamo mbedza ya timizere tiwiri ndi ulusi uja anasolola, natsekanso bwinobwino. Ndipo popeza mayi ndi mayi, dzanja silinalekere pomwepo. Anaphatikiza kansalu ka ubweya mkati, pachifuwa ndi pamsana, mwaluso moti ndi maso okha sukanaona. Sanauze munthu, ngakhale Teunis, chifukwa ankadziwa kuti mwanayo akanausolola yekha ulusiwo. Tsiku lonyamuka, Teunis atafika pabokosi, malaya amenewo anapezeka kuti ndi amene ali pamwamba.

Pamenepa Lijsbet analakwa, ndipo sitingamubisire. Chimene anakaniza mnzake anadzichitira yekha. Koma tifunsenso kuti ndani anasandutsa amayi kukhala akuba, obisa ulusi m'mipendero, pa chinthu chimene makolo awo ankachita poyera dzuwa likuswa mtengo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mphepo inabwera kuchokera kumpoto, inawomba mpaka mapale a padenga la tchalitchi anauluka. Ngalawa zina zinabwerera zitathyoka milongoti, anthu ali ziii ngati auka kumanda. Ya Leendert, momwe munali Teunis ndi Huig ndi anzawo, sinabwerere.

Choyamba kufika pagombe inali migolo. Inabwera ikugubuduzika pamafunde, uwu apa, uwo apo, mpaka kumidzi ya kumpoto, ndipo yonse inabwezedwa kwa mwini wake, chifukwa chilembo chinali poonekera. A Verbrugge sanataye ngakhale mchira wa nsomba umene nyanja inabweza. Amayi ankaiona ikukwezedwa pangolo iwo akuyenda m'mphepete mwa madzi m'mawa uliwonse, mipango kumutu, maso kumafunde.

Patapita masabata nyanja inabweza munthu, mmodzi yekha. Mnyamata wamtali, nkhope palibe. Anamugoneka m'shedi, pomwe paja ankawerengera buku. Amayi anamuzungulira, aliyense akuyang'ana pachifuwa mwachizolowezi, pachifuwapo palibe kanthu. Maartje anagwira dzanja la mtembowo, kulitembenuza uku ndi uku kufuna chipsera chimene Huig anali nacho, koma madzi anali atafafaniza zonse. Lijsbet anagwada kumapazi, natulutsa sizasi, nang'amba mpendero. Mbedza inali pomwepo, yofiira ngati yasokedwa dzulo.

Analira kulira kwa mayi amene wataya mwana, koma pansi pa kulirako panali kanthu kena kamene iye mwini anachita nako manyazi: mtima unakhala pansi. Wake wabwera. Maartje anayang'ana ulusiwo, nayang'ana Lijsbet, natuluka. Bola akanamutukwana.

Anamuika pambali pa Krijn, pamalo amene Lijsbet anadzisungira. A Verbrugge anabwera kuchokera ku Haarlem atavala zakuda zodula, misozi ili m'maso, yeniyeni ndithu. Za ulusi wobisika uja anati akhululuka. Akhululuka! Kenako pamanda anati mnyamatayu akuimira onse amene anamira, ndipo mayi aliyense amutenge ngati wake, monga amachitira ku Talumera.

"Ndiye tikafuna kulira tizisinthana masiku ngati pamphero?" anafunsa mayi wina mokweza.

Abusa anayambitsa salimo msangamsanga.

Nyengo yozizira yonse Lijsbet ankapita kumanda, kusesa matalala pathabwa, kuuza bambo ndi mwana nkhani za pamudzi. Pobwerera ankaona Maartje pagombe, ali yekha tsopano, popeza amayi ena anali atataya mtima. Ankatembenuza nkhope nkudutsa mofulumira.

Chisanu chitatha, Leendert anatulukira, ndipo ena anathawa poyesa mzukwa. Chombo cha alendo chinamutola atakakamira thabwa, nkukamusiya kutsidya kwa nyanja, kumene anagona miyezi akudwala pakati pa anthu amene sankamva chinenero chake. Anayenda nyumba ndi nyumba kupepesa amayi, monga amachitira woyendetsa ngalawa amene wapulumuka yekha. Kwa Maartje sanapeze munthu, anali kugombe. Kwa Lijsbet anafika masana, nakhala pampando wa Krijn, mnzake wakale, chipewa chili pabondo. Anali atangouzidwa kuti Teunis anapezeka ndipo anaikidwa. Za mpendero anali asanamve.

"Alamu, mwana munalera," anatero. "Ndikuuzeni kanthu kamodzi kuti mtima uzizire. Huig uja ananyamuka kuno ndi chifuwa, akutsokomola ngati galu wokalamba. Ndiye Teunis tsiku lina akugwiragwira malaya ake, nkuyamba kuseka. Akuti, 'Taonani amayi anga! Abera Talumera! Aika ubweya mkati!' Tonse tinaseka mpaka misozi. Basi anavula pomwepo, mphepo ili chonchi, nkumuponyera Huig. Akuti, 'Vala iwe wachifuwa, ine ndili ndi mafuta.' Huig akukana, iye akuti, 'Kuno kulibe changa, waiwala?' Anasinthana."

Lijsbet sanachotse tisingano pakamwa.

"Anabwezerana liti?" anafunsa kudzera m'mano.

"Kubwezerana? Ayi, mpaka tsiku la mphepo lija Huig anali nawo. Ndipo chifuwacho chinayamba kuchepa. Mwana wa mtima ngati ameneyo, alamu, sindinamuonepo. Ndiwadikire amake Huig ndiwauzenso."

"Musavutike, alamu. Ndikawauza ndekha."

Leendert anathokoza. M'mawa mwake ananyamuka kupita kukakhala kwa mwana wake wamkazi ku Enkhuizen, atalumbira kuti madzi okhawo amene adzawakhudzenso ndi a m'beseni.

Lijsbet sanakanene. Tsopano ankadziwa yekha padziko lonse kuti amene anamusambitsa, amene anamulirira, amene ankamusesera matalala, ndi Huig. Ubweya wake womwe, umene anabisira mwana wake, ndiwo unamuvula malayawo. Anadziuza kuti madzi akatayika saoleka, kuti Maartje sakudziwa ndiye sizikumupweteka, kuti manda ndi manda. Akanena, atsala ndi chiyani? Mwana alibe, thupi alibe, ngakhale malo ake pambali pa Krijn alowa wina. Anapitirizabe kupita kuseri kwa tchalitchi. Koma akagwada kuti ayambe nkhani, sankathanso kutchula dzina lakuti Teunis. Ankangozula udzu nkubwerera.

Zinatha m'mawa wina mafunde atakula. Lijsbet ali pachitunda cha mchenga anaona chinthu choyera chikuyandama, ndipo anaona Maartje akuthamangira m'madzi ndi zovala zomwe. Madzi anamufika m'maondo, m'chiuno, pachifuwa. Funde linamugwetsa, anadzuka, anagwira chinthucho nkuchikumbatira. Linali thanga long'ambika, lokulungana. Lijsbet anatsika, nalowa m'madzimo, namukoka pamkono.

"Ndisiyeni! Inu wanu muli naye!"

"Ndilibe."

"Mwati chiyani?"

"Ali kuseri kwa tchalitchi uja ndi Huig. Anasinthana malaya pangalawa. Leendert anandiuza."

Maartje anataya thanga lija. "Leendert? Leendert anachoka liti muno?"

Onse awiri ankadziwa kuti ndi kale. Mbama ya Maartje inalira mpaka mbalame za pagombe zinauluka. Lijsbet sanakweze dzanja.

"Munandimana ulusi, kenako mwandibera ndi mtembo womwe! Mfiti inu!"

"Eya."

"Mwandisiya ndikuyenda m'madzi ngati galu, inu mukupalira pamutu pa mwana wanga!"

"Eya. Tiyeni mukamuone."

Anakwera limodzi kupita kutchalitchi, onse atanyowa, madzi akuchucha, wina uku wina uko. Atafika, Maartje anagona chafufumimba pamandapo nkuyamba kuitana mwana wake ndi maina onse a paubwana. Lijsbet anaima pampanda. Anamva nsanje, nsanje yeniyeni, yochitira mkazi amene akulira pamanda a mwana wake.

Sanafukule munthu. Lijsbet anapita yekha kwa mmisiri wa matabwa kukamuuza kuti apale mbedza ija pathabwa la pamanda a mnyamatayo, ajambulepo phazi la mbalame. Anthu atamufunsa ngati Krijn angakondwe kugona ndi mwana wa Maartje, anati Krijn anazolowera pangalawa, sankasankha wogona naye.

Za Talumera zinatha mwakachetechete. Asodzi anakana kukwera ngalawa opanda chizindikiro, ndipo a Verbrugge sanalimbane nawo, chifukwa anali atapeza buku lina, la kalimidwe ka malalanje m'nyumba zamagalasi. Choyamba kuleka unali msuzi wa ana amasiye uja, chinthu chimodzi chimene chikanayenera kutsala. A Verbrugge anaimika mwala wokumbukira omira pafupi ndi shedi, wopanda dzina la msodzi aliyense, kuti onse akhale ofanana. Dzina limodzi lokha lili pamwalapo, m'munsi, la amene anaupereka. Pambuyo pake kunamveka kuti wolemba buku lija sanali mmalinyero n'komwe, anali mphunzitsi wa tauni ina ya kumtunda, amene ankasanza akangokwera bwato la mumngalande. Akuti iye ankangofuna kuchititsa manyazi olamulira, sankaganiza kuti wina angatenge nkhaniyo nkuiveka anthu amoyo. Mwina ananena zoona. Koma chisumbu chake chinalibe mphepo ya kumpoto, ndipo sanafunse aliyense amene amaidziwa.

Lijsbet anabwerera ku ulusi wake wofiira, ndipo anasoka zizindikiro mpaka zala zinapindika. M'mawa uliwonse ndiye amene ankayenda pagombe tsopano. Nyanja ikalavula munthu, anthu ankamuitana. Ankayang'ana pachifuwa, akapeza chizindikiro ankatchula nyumba yake, kapena kuchijambula pamchenga kuti oyenda akachinene kumidzi ina. Akapeza pachifuwa palibe kanthu, ankati, "Ameneyu ndipatseni." Ambiri anali amalinyero a zombo zachilendo, ena akuda, ena a ndevu zofiira, ena okalamba. Zaka zitapita, aliyense ankadziwa kuti Teunis sangabwerenso, ndipo iye ankadziwa koposa onse. Komabe ankawasambitsa, kuwasokera nsalu, kuwaika kumapeto kwa manda, kumpanda. Madzi osambitsira ankatunga ndi Maartje. Sanakhale paubwenzi wokoma, musaganize choncho. Za chingwe chija ankakanganabe, ndipo mbama ija Maartje sanapepese, Lijsbet sanayembekezere kuti apepese.

Atakalamba kwambiri kunabwera abusa atsopano, achinyamata, amene anawerenga buku lija ali kusukulu ndipo ankalikondabe. Anamupeza m'shedi akusoka nsalu ya mlendo wina, naima kumuyang'ana mtima utawadzaza.

"Mayi, mukudziwa kuti inu ndinu munthu wa ku Talumera weniweni? Womwalira aliyense ndi mwana wanu."

Lijsbet anachotsa tisingano pakamwa, kamodzikamodzi. Maartje, amene anali pakhomo ndi ndowa, anabwerera m'mbuyo.

"Abusa, ine ndinabereka mmodzi. Dzina lake Teunis, mwana wa Krijn, wa nyumba ya mbedza. Uyu si wanga, ali ndi amake kwinakwake, ndipo akumudikira mpaka lero chifukwa palibe anamusokera kanthu. Ndimawaika awa chifukwa mwina kutsidya kuli mkazi wina amene anatola wanga, nkumusambitsa osadziwa dzina lake. Za chisumbu chanucho musadzandiuzenso. Gwirani apa, nsalu ikuthawa."

Abusa anagwira.

Atamwalira Lijsbet, malo ake pambali pa Krijn anali ndi mwini kale. Anamuika kumpanda, pakati pa alendo ake aja. Pansalu yake, pachifuwa mbali ya kumanzere, panali mbedza yofiira yokhotakhota, kamzere kamodzi kataphonya malo ake. Anasoka ndi Maartje, maso atachita kale khungu, ndipo sanalole munthu aliyense kuti amuthandize.